KAPEPALA KA TIMIZERE PA BUKU LANU LA KUCHIPATALA: KODI KANACHOKERA KUTI?

Anthu ambiri a m'boma la Mulanje amene alandira mankhwala a ma ARV, pamodzi ndi ena amene anapitako ku chipatala cha Gulupu ku Blantyre, akadziwa kapepala koyera kamene mlembi amamata pa buku la kuchipatala. Pa kapepalapo palembedwa dzina la mwini buku, mudzi wake ndi nambala, ndipo palinso timizere takuda tondondozana ngati mano a chipeso. Ena amayesa kuti ndi chidindo chabe cha Boma. Lero tifuna kukufotokozerani kumene kanachokera, pakuti mbiri yake ndiyo mbiri ya munthu wina wophunzira amene ntchito yake yalowa m'matumba a anthu ambiri, ngakhale dzina lake sanalimvepo.

Munthuyo ndiye Dr. Gerald Douglas, amene anzake amangomutchula kuti Gerry. Iyeyu si dotolo wobaya jekeseni ayi. Udotolo wake ndi wa maphunziro, ndipo anaulandira pa yunivesite ya Pittsburgh ku America m'chaka cha 2009. Phunziro lake ndilo la kasungidwe ka mbiri ya odwala m'makina a kompyuta, ndipo buku lalikulu limene analemba kuti ampatse udotolowo linali lonena za zipatala za kuno kwathu ku Malawi.

VUTO LA KAUNDULA

A Douglas anafika m'dziko muno m'zaka za m'ma 1990 kudzathandiza mongodzipereka pa ntchito ya makompyuta ku Unduna wa Zaumoyo. Chimene anaona m'zipatala ndi chimene inu nonse muchidziwa. Wodwala afika, mlembi alemba dzina lake m'buku lalikulu la kaundula. Dotolo alemba matenda ndi mankhwala mofulumira, pakuti panja pali mzere wa anthu ochuluka. Mwezi ukatha, munthu wina akhala pansi ndi kuwerenga mizere ya m'kaundula umodzi umodzi kuti atumize chiwerengero ku Lilongwe. Zolemba zina siziwerengeka, masamba ena ang'ambika, ndipo munthu mmodzi alembedwa kawiri chifukwa lero anati ndi Estere, mwezi watha anati ndi Nangozo.

Tsono Boma likafuna kudziwa kuti ndi ana angati anadwala malungo, kapena kuti litumize mabokosi angati a mankhwala ku chipatala chakuti, lidalira chiwerengero chimenechi. Chikalakwika, mankhwala achepa kwina ndi kuwonongeka kwina.

M'maiko ena njira imene anatsata inali yakuti dotolo azilemba pa pepala monga kale, ndipo madzulo kalaliki azikopera zonse mu kompyuta. A Douglas sanakondwe nayo njira imeneyi. Iwo anati kompyuta ikhale pa tebulo pomwe pakhala dotolo ndi wodwala, kuti nkhani izilowa nthawi yomweyo, ndiponso kuti makinawo azimthandiza dotolo wodwala asanatuluke pakhomo. Pakuti kalaliki akapeza cholakwa madzulo, wodwala uja wafika kale kumudzi.

MAKINA AMENE ENA ANAWATAYA

Koma panali zopinga zitatu. Anamwino ndi madotolo ambiri masiku amenewo anali asanagwirepo kompyuta. Magetsi anali kuzima kawirikawiri. Ndipo ndalama zogulira makompyuta atsopano panalibe.

Tamverani mmene anazilambalalira. Ku America kunali kampani ina dzina lake Netpliance, imene inapanga timakina ting'onoting'ono totchedwa I-Opener, togulitsidwa pa madola 99, toti anthu aziwerengera makalata a pa intaneti m'nyumba zawo. Malondawo sanayende, ndipo timakinato tinayamba kugulitsidwa motchipa pa msika wa eBay. A Douglas anagula timakinato, natikonza, naikapo galasi lomva chala. Mabatani a zilembo aja a ngati a taipi anawachotsa. M'malo mwake, pa galasi pamatuluka funso limodzi lokha ndi mayankho ake m'zilembo zazikulu, ndipo namwino amangokhudza yankho ndi chala, funso lina n'kubwera. Amene adziwa kusankha nsomba pa msika poloza ndi chala angathe kuphunzira ntchito imeneyi msanga.

Popeza timakinato sitinali kudya magetsi ambiri, anatilumikiza ku mabatire akuluakulu, kotero kuti magetsi akazima ntchito inali kupitirirabe. Pambali pake anaika kamakina kosindikiza timapepala tomata tija. Timizere takuda ndiyo nambala ya wodwala yolembedwa m'njira yoti makina aiwerenge. Mlembi akaunikira timizereto ndi kanyali kofiira, mbiri ya mwini buku ituluka pa galasi.

Bungwe limene anayambitsa m'chaka cha 2000 analitcha Baobab, ndiye kuti mlambe. Makina oyamba anaikidwa m'chaka cha 2001 ku mbali ya ana pa chipatala chachikulu cha ku Lilongwe, chimene lero titi Kamuzu Central, ndipo m'chaka cha 2003 a Douglas ndi anzawo anafotokoza za ntchitoyi pa msonkhano wa akatswiri a phunziroli ku America.

NTHAWI YA MA ARV

Ntchitoyi inakula pamene Boma linayamba kupereka ma ARV kwaulere m'chaka cha 2004. Matenda a malungo munthu amwa mankhwala masiku atatu n'kuiwala. Koma wa ma ARV abwera ku chipatala moyo wake wonse, ndipo ulendo uliwonse ulembedwa pa khadi lake. Miyezi itatu iliyonse chipatala chiyenera kunena kuti ndi angati ali moyo ndipo ali kumwa mankhwala, angati anamwalira, angati anasamuka, ndi angati anangosowa. Odwala akakhala 200, namwino angathe kuwerenga makhadi masana amodzi. Akakhala 5,000, ntchitoyo idya masiku, ndipo masiku amenewo achotsedwa pa nthawi yoonera odwala.

M'chaka cha 2006 a Baobab anaika makina awo ku chipinda cha ma ARV pa chipatala cha Gulupu. Makinawo sanali kungosunga maina. Namwino akalowetsa kulemera ndi kutalika kwa wodwala, iwo anali kuwerengera ngati thupi lachepa koposa muyeso. Akalowetsa chiwerengero cha mapiritsi otsala m'botolo, iwo anali kuonetsa ngati munthuyo wakhala akudumpha masiku. Anali kuthandizanso kusankha tsiku lodzabweranso mankhwala asanathe. Ndipo chiwerengero cha miyezi itatu chija chinayamba kutuluka m'kanthawi kochepa.

Zonsezi anazilemba m'kalata ya maphunziro imene inasindikizidwa m'chaka cha 2010 m'magazini ya madotolo yotchedwa PLoS Medicine. A Douglas sanailembe okha. Pa mndandanda wa olemba pali Amalawi anzathu monga a Oliver Gadabu ndi a Soyapi Mumba a ku Baobab, ndi Dr. Frank Chimbwandira wa ku Unduna wa Zaumoyo, pamodzi ndi Professor Anthony Harries amene anagwira ntchito zaka zambiri m'dziko muno pa nkhondo yolimbana ndi chifuwa chachikulu ndi Edzi. Pofika chaka cha 2023 anthu olandira ma ARV m'Malawi anali atapitirira 900,000. Taganizani makhadi onsewo kuwawerenga ndi manja.

KODI NTCHITO YA MUNTHU WOPHUNZIRA AMAIYESA BWANJI?

Mlimi amuyesa ndi nkhokwe, wothyola tiyi amuyesa ndi sikelo. Nanga wofufuza? Anthu a ku mayunivesite ali ndi sikelo yawoyawo, ndipo nkoyenera kuti tiifotokoze pang'ono.

Wofufuza akapeza kanthu, alemba kalata n'kuitumiza ku magazini ya akatswiri. Isanasindikizidwe, anzake awiri kapena atatu aiwerenga ndi kuifunafuna zolakwa. Ikatuluka, ofufuza ena a m'maiko ena akamalemba zawo amaitchula, kunena kuti, zakutizakuti anaziyesa kale a Douglas ku Malawi. Zifanana ndi za pa bwalo la milandu, pamene nduna ikumbutsa a Mfumu kuti mlandu wa malire wonga uwu anauweruza motere masiku a malemu. Mfumu imene maweruzo ake atchulidwa kawirikawiri m'mabwalo ena, anthu adziwa kuti inali ya nzeru. Chimodzimodzinso makalata a maphunziro: alipo makina owerenga kuti kalata yakuti yatchulidwa kangati, ndipo chiwerengerocho chithandiza munthu kukwera pa ntchito ndi kupeza ndalama za kafukufuku wina. Kalata ya 2010 ija yatchulidwa ndi olemba ena oposa zana.

Ife tiona kuti sikelo imeneyi siyesa zonse. Kalata ingathe kutchulidwa kambirimbiri ku London ndi ku Boston osasintha kanthu ndi kamodzi komwe pa Chonde kapena pa Chambe. Akuluakulu anati chuluke chuluke ngwa njuchi, umanena iyo yakuluma. Tsono tiyeni tinene zimene zinatifika.

A MFUMU NDI KOMPYUTA

Choyamba n'chokhudza mafumu. Nyakwawa iliyonse idziwa buku la m'mudzi, lolembamo obadwa ndi omwalira. M'chaka cha 2013 a Gadabu, a Douglas ndi anzawo anafunsa kuti, kodi makina aja angathe kugwira ntchito m'mudzi mopanda magetsi, m'manja mwa mfumu? Anayesa m'mudzi wa Chalasa, kwa Mfumu Yaikulu Mtema m'boma la Lilongwe. Anaika magetsi a dzuwa, ndipo mafunso a pa galasi anawalemba m'Chichewa.

Kalata imene anasindikiza m'chaka cha 2014 inena kuti m'mudzimo munapezeka anthu 790, ndipo oposa theka anali ana osafika zaka 15. Kuyambira April kufikira December 2013 munabadwa ana 18 ndipo munamwalira anthu 5. Chimene chitikondweretsa m'kalatayi n'chakuti olembawo sanabise zovuta. Ananena poyera kuti a Mfumu anachedwa kuwazolowera makinawo, kuti anthu ambiri analibe mabuku a kuchipatala, ndi kuti ena analembedwa kawiri. Pambuyo pake ntchitoyi inafalikira ku midzi ina ya kwa Mtema komweko.

Mwina wina afunsa kuti, kuwerenga maliro kupindulanji? Kupindula ndithu. Anthu ambiri a kumidzi amwalirira kunyumba, ndipo chipatala sichimva. Ngati Boma silidziwa kuti m'dera lakuti ana ali kufa kuposa chaka chatha, silingatumize thandizo.

Chachiwiri ndi anthu. Ku Baobab kunaphunzira anyamata ndi atsikana a kuno kwathu amene anadzakhala amisiri olemba malangizo a makompyuta. Mmodzi wa iwo, a Soyapi Mumba, pamodzi ndi a Clement Mwazambumba, ndiwo anapereka maganizo amene anabala Chipatala cha pa Foni, chimene chinayamba ku Balaka m'chaka cha 2011 mothandizidwa ndi bungwe la VillageReach, kuti mayi woyembekezera azitha kufunsa malangizo pa lamya asanayambe ulendo wautali. Mulanje linali limodzi la maboma oyamba kulandira ntchitoyi itatuluka m'Balaka, ndipo pambuyo pake inafika dziko lonse ndi kuperekedwa m'manja mwa Unduna wa Zaumoyo. Winanso, Dr. Timothy Mtonga, anakaphunzira ku Pittsburgh komweko, ndipo m'chaka cha 2019 anasindikiza kalata yonena za makina olondola magazi ndi zina zopimidwa pa chipatala cha Kamuzu Central, kuti zotsatira zisamasowe panjira.

MAKINA OWERENGA CHITHUNZI CHA M'CHIFUWA

Masiku ano mwamva pa wailesi za nzeru za makina, zimene ambiri azitchula kuti AI. Makina a a Douglas anali kutsata malamulo amene munthu anawalembera. Awa atsopanowa aphunzira okha poona zitsanzo zambiri.

Inu a ku Mulanje mungamvetse msanga. Munthu akalembedwa kumene pa esiteti, sadziwa tsamba loyenera kuthyola. Kapitawo amuonetsa: ili inde, masamba awiri ndi kansonga, ili ayi, lakhwima. Akaona mazana ndi mazana, dzanja lake liyamba kusankha lokha. Makina nawonso awaonetsa zithunzi za m'chifuwa zikwi zambirimbiri, n'kuwauza kuti mwini chithunzi ichi anali ndi chifuwa chachikulu, mwini ichi analibe. Potsiriza, akapatsidwa chithunzi chatsopano, apereka nambala kuyambira 0 kufikira 100. Nambala ikakwera, munthuyo apemphedwa makhololo kuti akapimidwe. Makinawo saweruza kuti munthu ali ndi matenda. Angoloza amene ayenera kupimidwa msanga.

Izi zinayesedwa pafupi nafe pomwepa, pa chipatala cha Bangwe mu mzinda wa Blantyre, m'zaka za 2018 ndi 2019. Dr. Peter MacPherson ndi anzake, mwa iwo Dr. Marriott Nliwasa, anatenga akuluakulu 1,462 amene anabwera akutsokomola, nawagawa m'magulu atatu mwa maere. Gulu lina linathandizidwa monga mwa masiku onse. Lina linapimidwa kachilombo ka HIV. Lachitatu linapimidwa HIV ndi kujambulidwanso m'chifuwa, zithunzizo n'kuwerengedwa ndi makina otchedwa CAD4TB opangidwa ku Netherlands. Mwa amene anayamba mankhwala a chifuwa chachikulu, a njira ya masiku onse anatenga ngati masiku 11, pamene a gulu lachitatu anatenga ngati tsiku limodzi. Kalata yawo inatuluka m'chaka cha 2021, ndipo iwonso sanabise kuti pa nthawiyo njirayi inali yodula poyerekeza ndi chuma cha dziko lathu. M'mwezi wa March chaka chomwecho, bungwe la zaumoyo la dziko lonse lapansi, la WHO, linavomereza kuti makina otere angagwiritsidwe ntchito pofufuza chifuwa chachikulu mwa anthu a zaka 15 ndi kuposerapo.

Madotolo odziwa kuwerenga zithunzi zotere ndi ochepa kwambiri m'Malawi, ndiye chifukwa chake nkhaniyi ili yaikulu. Koma taonani pamene ikumana ndi ntchito ya a Douglas. Kapitawo akamuonetsa wantchito watsopano masamba olakwika, wantchitoyo athyola zolakwika chaka chonse. Makina ophunzira pa kaundula wosokonekera adzanena zosokonekera, ndipo adzazinena mosachita manyazi. Tsono amene afuna nzeru za makina m'zipatala zathu ayenera kuyamba ndi ntchito yonyozeka ija ya kulemba dzina limodzi, nambala imodzi, tsiku loona. Pa sukulu ya MUBAS ku Blantyre, Dr. Amelia Taylor ndi ophunzira ake ali m'gulu la amene afufuza za nzeru za makina pa nkhani za umoyo ndi pa chinenero chathu cha Chichewa.

ZA IFE A KU MULANJE

Boma lathu lino ndi limodzi la amene afunika kaundula wolongosoka koposa. Pa kalembera wa 2018 munapezeka anthu 684,107. Kafukufuku wa Boma wa m'zaka za 2015 ndi 2016 anapeza kuti mwa akuluakulu a kuno, ngati mmodzi mwa asanu anali ndi kachilombo ka HIV, kuposa maboma ena onse. Ndiponso ndife anthu oyenda. Ena abwera kudzathyola tiyi nyengo ya dzinja, ntchito ikachepa n'kubwerera kwawo. Ena ali ndi munda kapena banja kutsidya kwa Muloza, ku Milange. Ena ali pa Limbuli lero ndi malonda, mawa ali ku Limbe.

Munthu wotere akasamuka osatsanzika ku chipatala chake, n'kukalembetsa kwina ngati wodwala watsopano, pachitika zinthu ziwiri zoipa. Chipatala chakale chimuwerenga ngati wothawa mankhwala, ndipo alangizi a zaumoyo ataya nthawi kumfunafuna. Chipatala chatsopano sichidziwa kuti anali kumwa mankhwala ati, kapena kuti ena anamuwenga. Makina angakhale abwino chotani, sangathe kudziwa kuti Estere wa pa Chitakale ndiye Nangozo wa pa Nkando ngati mwini wake sanena.

Ndipo mukumbukira namondwe wa Freddy m'mwezi wa March 2023, pamene madzi ndi miyala zinatsika m'phiri, mitsinje ya Ruo ndi Muloza n'kusefukira. Anthu anathawa ndi zovala za m'thupi zokha. Mabuku a kuchipatala ndi mabotolo a mankhwala zinapita ndi madzi. Pa masiku otere mpamene pamaoneka kusiyana kwa mbiri yolembedwa pa pepala limodzi ndi mbiri yosungidwanso kwina.

Tisabise kuti mtengo umenewu mizu yake ina ili kunja. Ndalama zambiri zoyendetsera makina a m'zipinda za ma ARV zachokera ku Boma la America. M'chaka cha 2019 ntchito yowasamala inachoka ku Baobab n'kupita ku bungwe la Elizabeth Glaser Pediatric AIDS Foundation. Ndipo m'mwezi wa January 2025 Boma la America linaimitsa thandizo lake lambiri la kumaiko akunja, zimene zinagwedeza ntchito ya Edzi m'maiko ambiri a mu Africa, kuphatikizapo lathu lino. Makina afuna mabatire atsopano, timapepala tomata, ndi mmisiri wobwera akawonongeka. Zimenezi sizitchulidwa kawirikawiri m'misonkhano, koma zikasowa, namwino abwerera ku cholembera. A Douglas okha anaiona nkhani ya kukonza zinthu kuti ndi yaikulu: m'chaka cha 2020, nthawi ya Covid-19, iwo ndi anzawo a ku Global Health Informatics Institute ku Lilongwe anayamba ntchito ya OpenO2, yoyendera zipatala ndi kukonza makina opatsa odwala mpweya amene anali atangounjikidwa m'zipinda chifukwa chofa.

Tsono a Mfumu, anyakwawa ndi atsogoleri a mipingo apemphedwa kukumbutsa anthu awo zinthu izi. Buku la kuchipatala lisungidwe m'pepala la pulasitiki, makamaka dzinja lino likayamba, ndipo kapepala ka timizere kasamatulidwe kapena kulembedwapo. Buku la mnzanu musalibwereke, ngakhale ali mbale wanu wa bere limodzi. Amene afuna kusamuka ayambe wapita ku chipatala chake kukapempha kalata yosamukira. Ndipo amene buku lake linatayika kapena kunyowa asakalembetse mwatsopano ndi dzina lina. Apite kumene analembetsa poyamba, akatchule dzina lomwe lija, mudzi, Mfumu Yaikulu ndi chaka chobadwa, kuti mlembi amfunefune m'kaundula ndi kumpatsa buku lina.